Mercury-Redstone ya 1:34: dongo lilowe kapena ayi? Nanga C6-5 ingachite?

Nthanda: Moni nonse pagulu pano. Ndikumanga kit ya Mercury-Redstone, chifaniziro chouluka cha roketi ya ku America chochepetsedwa ka 34 (muyeso wa 1:34), ija inanyamula kapusulo (kachipinda kokhalamo munthu) ya woyenda mumlengalenga Gus Grissom. Pogwirira injini ndamata kale mu chubu, zipsepse ndazichotsa pa thabwa koma sindinazimate. Mafunso anga ndi awiri. M'bokosimo muli timibulu ta dongo, ndipo pepala la malangizo likuti ndilikanikizire mkati mwa kapusulo. Ine ndikuona ngati roketiyi ndi yolemera kale, ndiye kuwonjezeranso dongo si kuipha? Funso lachiwiri: ndili ndi mainjini a C6-5 amene anatsala pa karoketi kena, koma pepala likunena C6-3. Kusiyana kwake ndi nambala yomalizayo basi. Ndipezenso ena zoona?

Mphenzi: C ndi C achemwali, ikani yomweyo. Dongolo ine ndikanalisiya, roketi yopepuka ndiyo imapita kutali.

Gogo Balsa: A Mphenzi, dekhani. Mayankho anu onse awiri angawaswetse roketi mayiwa.

Tiyambe ndi injini. Chilembo chimanena mphamvu yonse imene ili mkatimo. A imafika 2.5 newton-second (muyeso wa kukankha kuchulukitsa ndi nthawi), B imafika 5, C imafika 10, D imafika 20. Chilembo chilichonse chimawirikiza kawiri chinzake cham'mbuyo. Nambala yoyamba, 6 uja, ndi kukankha kwa injini mwa ma newton tikatenga pakatikati. Mpaka apa a Mphenzi akunena zoona, ziwirizi n'zofanana. Koma nambala yomaliza ndi masekondi amene injini imadikira mafuta akatha isanaphulitse kawonga kotulutsa parachuti. Karoketi kopepuka, kowonda, kamapitirirabe kukwera nthawi yaitali injini itazima, ndiye kamafuna 5 kapena 7. Redstone yanuyo ndi yonenepa, chubu chake n'choposa masentimita 5, pamwamba pa kapusulo ili ndi nsanja yopulumutsira munthu pangozi, imene imakoka mpweya, ndipo ndi yolemera. Ikazima injini, pakangopita masekondi atatu yafika kale pamapeto a ulendo wake. Mukaika C6-5, masekondi awiri otsalawo idzakhala itatembenuka, mphuno pansi, ikuthamangira kunthaka. Parachuti ikatseguka pa liwiro limenelo zingwe zimaduka kapena chingwe chachikulu chimang'amba mlomo wa chubu. Ndipo popeza roketiyi siikwera kwambiri, mwina nthaka ifika parachuti isanatuluke n'komwe.

Ma C6-5 wo asungireni karoketi kaja.

Mphenzi: Chabwino agogo, pa injini ndagonja. Koma dongo? Roketi yeniyeniyo inalibe dongo kumutu ndipo inauluka bwinobwino.

Aphunzitsi a Fizikisi: Inalibe dongo chifukwa inali ndi choiwongolera. Redstone yeniyeni inali ndi timapiko ta graphite tomizidwa mu lawi la injini, komanso tizipsepse toyendayenda kunsonga kwa zipsepse zazikulu. Ikayamba kupendama, makina ankazindikira n'kuikhotetsa kubwerera m'malo. Saturn V, roketi yopita ku mwezi, inkachita zomwezo posuntha mainjini ake anayi akunja a F-1. Yathuyi ilibe makina aliwonse. Ikangochoka pa chitsulo choulukirapo, choiwongola ndi mpweya wokha.

Malo awiri ndiwo ofunika pa roketi. Oyamba ndi pamene imakhazikika mukaisenza pa chala, timati CG. Achiwiri ndi pamene mphamvu yonse ya mpweya wokankha cham'mbali imakumana, timati CP. CG iyenera kukhala kutsogolo kwa CP, cha kumphuno. Muvi umauluka mowongoka chifukwa chitsulo chili kumutu ndipo nthenga zili kumchira; mphepo ikaukhotetsa, nthengazo zimaubweza. Mukasinthanitsa malo awiriwa, roketi imazungulira mlengalenga injini ikuyakabe, ndipo palibe amene angadziwe kumene ilowere.

Mpata wake anthu amayeza ndi kunenepa kwa chubu. Kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Redstone inali yonenepa mamita 1.78, mukagawa ndi 34 mupeza masentimita 5.2. Ndiye CG ya roketi ya a Nthanda ikhale kutsogolo kwa CP ndi masentimita osachepera asanu. Injini ndi chinthu cholemera ndipo ili kumchira kwenikweni, imakokera CG kumbuyo. Dongo lija ntchito yake ndi kuibweza kutsogolo.

Nthanda: Zamveka aphunzitsi. CG ndiipeza ndi chala, koma CP ndiidziwa bwanji?

Aphunzitsi a Fizikisi: Njira zilipo zingapo. Masamu ake anawakonza James Barrowman m'ma 1960, ndipo lero simufunika kuwachita pamanja. Pali pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa OpenRocket. Mumalowetsamo miyeso ya chubu, ya zipsepse ndi ya kapusulo, n'kusankha injini, iyo n'kukuonetsani CP, CG, kutalika kumene roketi ifike, ndi sekondi imene parachuti iyenera kutuluka. Nsanja ya Mercury pulogalamuyi siimaimvetsa bwino chifukwa ndi timitengo topingasa, ndiye musakhulupirire nambala zake mpaka kadontho komaliza.

Njira ina ndi ya chingwe. Ikani injini yatsopano, parachuti ndi zonse monga pa tsiku loulutsa. Mangani chingwe pa CG, chigwireni ndi tepi kuti chisatsetsereke, ndipo muizungulize pamwamba pa mutu. Ikaloza mphuno kumene ikupita, ili bwino. Ikayenda cham'mbali kapena chambuyo, wonjezerani dongo pang'ono pang'ono.

Gogo Balsa: Kuzunguliza kumeneko chitani nsanja isanamatidwe, n'kumata kolemera kofanana nayo pa kapusulo. Ndaonapo nsanja zambiri zikuthera pa khoma roketi isanaone thambo.

Chiwombankhanga: Ine ndili ndi dandaulo lina pa ma kit amenewa, ndipo ndikudziwa kuti ena simundikonda ndikayamba. Tengani chithunzi cha roketi yeniyeni, muyeze chipsepse poyerekeza ndi kunenepa kwa thupi. Kenako yezani za mu kit. N'zazikulu. Munthu umati ukumanga chifaniziro cha Redstone ya 1961 koma kumchira kwake kuli za roketi ina. Achemwali a Nthanda, poti simunamate, dulani zanu za muyeso weniweni. Balsa, thabwa lopepuka lija, si yovuta kudula.

Namzeze: Ayambanso aja 😂

Chiwombankhanga: Sekani, koma pa mpikisano oweruza amabwera ndi zithunzi ndi miyeso. Mu S7, gulu la zifaniziro za maroketi enieni la FAI (bungwe la padziko lonse la masewera a mlengalenga), amayang'ana mpaka mizere ya zowotcherera.

Aphunzitsi a Fizikisi: Achimwene, zimene mukunena n'zoona, koma malizani nkhaniyo. Pa mpikisano womwewo roketi iyeneranso kuuluka mowongoka, apo ayi mapointi a kukongola aja sakuthandizani. Mukachepetsa zipsepse, CP imasunthira kutsogolo. Kuti CG ikhalebe patsogolo pake muyenera kuthira dongo lochuluka. Dongo likachuluka roketi yalemera, ndipo injini ya C imene inali kale pamalire siingainyamule mwachangu. Roketi yochoka pa chitsulo pang'onopang'ono zipsepse zake sizigwira mpweya, ndiye mwabwerera ku vuto lomwe lija kudzera khomo lina. Mukati muike injini ya D, imeneyo ndi ya mamilimita 24 osati 18, pogwirira pasinthidwe, ndipo ndi yolemera kwambiri kumchira, ndiye dongo linanso. Amene anakulitsa zipsepse mu kit sanalakwitse muyeso, anasankha dala.

Chiwombankhanga: Pali zipsepse za pulasitiki yoonekera. Umaziveka pa tsiku loulutsa, ukafika kunyumba n'kuzivula, roketi n'kukhala pa shelefu ili yeniyeni.

Gogo Balsa: Imeneyo ndi njira yabwino ndithu, ndipo ambiri amachita. Koma si ya munthu amene akumanga roketi yake yoyamba ya muyeso. Mayi, mangani monga pepala likunenera. Yachiwiri mudzakangane ndi a Chiwombankhanga.

Nthanda: Ndamva agogo. A Chiwombankhanga musakhumudwe, zazikuluzo zikhala. Tsopano pomata, pali chimene ndiyenera kusamala?

Gogo Balsa: Yang'anani mitsempha ya thabwa. Iyende motsatira mphepete yakutsogolo ya chipsepse, osati motsatira chubu. Ikatsatira chubu, chipsepse chimathyoka pa kutera koyamba. Za mu kit zimabwera zitadulidwa moyenera, chofunika n'kusasokoneza mbali imene ikumatidwa.

Pakani guluu wa matabwa mopyapyala pa chipsepse ndi pa chubu, gunditsani, lekanitsani, dikirani aume pang'ono, pakaninso kachiwiri ndiye mumate. Chimagwira msanga ndipo sichisuntha. Chimodzi chimodzi, osati zinayi nthawi imodzi. Mukamata chilichonse, yang'anani roketi kuchokera kumchira diso limodzi litatsinzina, muone ngati chaima chilili. Zikauma, dutsitsani kamzere ka guluu m'ngodya n'kukasalaza ndi chala. Guluu wa matabwa amafota akamauma, ndiye bola timizere tiwiri topyapyala kusiyana ndi umodzi wonenepa umene umasiya timaenje.

Kapaipi kolowa chitsulo choulukirapo musakaiwale, ndipo penti asalowemo. Roketi iyenera kutsetsereka pa chitsulo yokha popanda kukakamira.

Namzeze: Za penti ndisiyireni ine. Chubu cha pepala chili ndi mzere wozungulira kuchokera pansi mpaka pamwamba. Pa roketi wamba palibe amene amasamala, koma pa thupi loyera la Redstone umaonekera patali. Sungunulani wood filler (phala lotsekera ming'alu ya matabwa) ndi timadzi, mupake mu mzeremo ndi kaburashi, aume, mukhule ndi sandipepala wosalala, wa 320 kapena 400. Balsa nayonso chimodzimodzi, koma pakani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi kuti isapindike. Kenako primer (penti woyambira), khulani mpaka atatsala pang'ono kutheratu, ndiye penti woyera.

Apa ndi pamene anthu amapupuluma. Woyerayo aume mpaka mukanunkhiza fungo lisamveke, ngakhale zitenge masiku. Mukamata tepi pa penti wosauma, pochotsa imanyamula zonse. Tepi ikamatidwa, kanikizani mphepete mwake ndi chikhadabo, kenako wazani kaye woyera yemweyo pang'ono pa mphepetepo. Ngati pali kampata, woyerayo ndiye alowemo n'kukatseka, wakuda akamabwera apeza potseka. Chotsani tepi wakudayo asanaumitsitse, moikokera kumbuyo pa iyo yokha, osati moitukula. Ndipo musasakanize mitundu: lacquer pamwamba pa enamel amachita makwinya.

Masitika a m'madzi amafuna pamalo ponyezimira. Pa penti wosanyezimira mpweya umatsalira pansi pake, n'kuoneka ngati kasiliva kuzungulira zilembo. Viikani m'madzi ofunda pang'ono, nyowetsani chubu, tsetserezani sitika kuchoka pa pepala lake, ifikitseni pamalo ndi burashi yonyowa, ndiye mufinye madzi ndi kansalu kuchokera pakati. Lija lalitali la UNITED STATES la zilembo zofiira ndilo limavuta, jambulani kaye kamzere ndi pensulo kuti lisapendame.

Aphunzitsi a Fizikisi: Ndiwonjezere pa a Namzeze: penti ali ndi kulemera, ndipo wambiri amagwera ku thupi ndi kuzipsepse. CG muiyezenso mukamaliza kupenta, osati musanayambe pokha.

Chiwombankhanga: Poti zipsepse mwandikanira, izi zokha musalakwitse. Roketi ya Grissom inalembedwa MR-8, ya Alan Shepard ndiyo MR-7. Kapusulo ya Grissom, Liberty Bell 7, inali ndi zenera limodzi lalikulu, pamene Freedom 7 ya Shepard inali ndi timazenera tiwiri tozungulira. Liberty Bell 7 inalinso ndi mng'alu woyera wojambulidwa dala pambali. Shepard anauluka pa 5 May 1961, Grissom pa 21 July chaka chomwecho, aliyense pafupifupi mphindi 15. Kapusulo ya Grissom inamira m'nyanja ya Atlantic chitseko chitaphulika nthawi isanakwane, ndipo inavuulidwa mu 1999. Mabala akuda ndi oyera a pa thupi la roketi sanali okongoletsa, ankathandiza ojambula pansi kuona ngati roketi ikuzungulira.

Mphenzi: Koma pali ija inangokwera pang'ono n'kukhalanso pansi, inali iti?

Chiwombankhanga: MR-1, November 1960, munalibe munthu. Inanyamuka pafupifupi masentimita 10, injini n'kuzima, n'kukhazikikanso pamalo pake. Nsanja ndiyo inauluka yokha, kenako maparachuti n'kutuluka kapusulo ili pomwepo.

Namzeze: Ndiye a Nthanda yanu ikakwera mita imodzi yokha mwawaposa kale a NASA 😂

Mphenzi: Funso lapambali. Injinizi bwanji osangopanga tokha? Ndinaona penapake akusakaniza

Woyang'anira gulu: A Mphenzi, ndadula mbali yotsala ya uthenga wanu. Pagulu pano sitikambirana zosakaniza mafuta a roketi, ndipo lamuloli lili pamwamba penipeni. Masewerawa anayamba n'cholinga chothetsa zimenezo. M'ma 1950 achinyamata ambiri ku America ankavulala manja ndi maso poyesa kupanga mafuta okha. Orville Carlisle ndi G. Harry Stine anabwera ndi ganizo lakuti injini ipangidwe ku fakitale, iwe umange thupi la pepala ndi balsa basi. Bungwe limene lero ndi NAR, la okonda timaroketi totere ku America, linayamba mu 1957, ndipo Vern Estes anapanga makina otchedwa Mabel opanga injini zambirimbiri zofanana. Musatsegule injini, musaiwonjezere kanthu, musaigwiritse ntchito ngati inagwa pansi molimba, chifukwa wonga ukang'aluka mkati imaphulika m'malo mokankha.

Poti a Nthanda ayandikira kuulutsa, nazi zina za mu malamulo a chitetezo a NAR. Kuyatsa ndi kwa magetsi kokha, ndi kiyi yochotseka, osati machesi. Imani mamita pafupifupi 5 kuchokera pa roketi ngati injini ndi D kapena yocheperapo. Chitsulo chisapendame kupitirira madigiri 30. Mphepo ikaposa makilomita 32 pa ola, pakirani. Injini ya C imafuna bwalo la mamita pafupifupi 120 mbali iliyonse, lopanda udzu wouma. Ikakana kuyaka, chotsani kiyi, dikirani masekondi 60 musanayandikire. Roketi ikakodwa pa mawaya a magetsi, yapita, isiyeni. Funsaninso malamulo a dziko limene muli okhudza za mlengalenga ndi kasungidwe ka injini, chifukwa amasiyana.

Mphenzi: Pepani akulu, ndamva.

Nthanda: Ndabweranso. Kupenta kwatha, dongo lonse lalowa. Pa sikelo ikulemera magalamu 106 popanda injini, ndipo ndi C6-3 ikufika 130. Pa chingwe ikuloza kutsogolo bwinobwino. Kulemera kumeneku kuli bwino?

Aphunzitsi a Fizikisi: Kuli pamalire. Ambiri amatsata lamulo lakuti kukankha kwa injini kuposa kulemera kwa roketi kasanu. Magalamu 130 ndi pafupifupi 1.3 newton. Gawani 6 ndi 1.3, mupeza 4.6. Chimene chikupulumutseni n'chakuti C6 imayamba ndi kukankha kwakukulu, kuposa kawiri nambala yolembedwayo, kenako n'kutsika. Ndiye iuluka, koma sankhani tsiku la bata, chitsulo chiime chilili, chikhale chotalika ndi chopukutidwa bwino. Mukapeza C5-3, imeneyo imakankha kwambiri poyambira ndipo inapangidwira maroketi olemera ngati amenewa.

Chifukwa chake ndikulimbikira za mphepo: roketi yokhazikika imakhotera kumene mphepo ikuchokera. Ikachoka pa chitsulo mochedwa, mphepo yam'mbali imakhala gawo lalikulu la mpweya umene zipsepse zikumva, ndiye imagona n'kuyamba kuuluka chopingasa. Pamenepo ngakhale masekondi atatu aja amakhala ambiri.

Gogo Balsa: Parachuti musaipinde usiku n'kuisiya. Pindani pabwalo pomwepo, muiwaze pawudala pang'ono kuti pulasitiki isamatirire, zingwe muzikulunge momasuka. Pepala losapsa, loteteza parachuti ku moto wa kawonga kaja, lilowe lokwanira kutseka chubu chonse, chifukwa chubu chonenepa chotero chimafuna lambiri kuposa karoketi kanu kaja. Mukasuzumira musaone kuwala m'mbali. Pepala wamba ayi, limagwa likuyaka. Kapusulo isathine kwambiri: mukaigwira n'kutukula roketi iyambe kuvuka pang'onopang'ono. Kawaya koyatsira kakhudze wonga weniweni mkatimo, ndipo timano tiwiri ta waya tisagundane.

Nthanda: YAULUKA! Kunali bata m'mawa. Titawerenga kuchokera pa 5, inachita kaphokoso, n'kunyamuka mwaulemu moti maso amatha kuitsatira, mabala akuda aja akuoneka bwinobwino. Inazungulira pang'ono pokha. Cha kumapeto inapendamira kumene kamphepo kamachokera, utsi woyera ukuitsatira, ndipo itangoweramitsa mphuno tinamva "phu", parachuti n'kutseguka. Ndinawerenga mumtima, pakanakhala masekondi ena awiri sindikudziwa. Thupi latera bwino, chipsepse chimodzi changokalika penti. Koma kapusulo inafika nsanja ili pansi pa nthaka youma, miyendo iwiri ya nsanja yathyokera pamene imalowa mu kapusulo. Zidutswa zonse ndatola.

Namzeze: Mwachita bwino achemwali! 🚀 Kanema ali kuti?

Nthanda: Amene anagwira foni anajambula udzu ndi nsapato zake.

Mphenzi: Inafika mamita angati?

Nthanda: OpenRocket inanena pafupifupi 60, ndipo ndi maso zinaoneka choncho. Sikutali, koma zonse zinaoneka kuyambira poyamba mpaka potera.

Chiwombankhanga: Nsanjayo musaimate ndi guluu wambiri, muipitsa maonekedwe. Boolani kabowo kakang'ono mbali zonse ziwiri za pothyokapo, mulowetse kawaya kolimba ngati msana, ndiye kadontho ka guluu wa pulasitiki. Mukakhula n'kupakanso wofiira, sipaoneka.

Gogo Balsa: Ndipo kuti zisachitikenso, sinthani pomangira. Panopa chingwe chili kunsi kwa kapusulo, ndiye ikamatsika nsanja imalozera pansi. Mangani ulusi wolimba kumunsi kwa nsanja, muudutsitse kunja m'mbali mwa kapusulo mpaka ulowe mu chubu, parachuti imangidwe kumeneko. Ikatuluka, kapusulo ilendewera nsanja ili m'mwamba, kapena chogona, ndipo chofika pansi choyamba ndi thako lake lolimba. Ena amaipatsa parachuti yakeyake kuti isamagundane ndi thupi potsika, koma kumbukirani kuti ndi magalamu enanso pa roketi imene ili kale pamalire.

Chiwombankhanga: Ulusi wakunja? Pa kapusulo ya Mercury panalibe ulusi.

Gogo Balsa: Ukhale wakuda, achimwene. Pa kapusulo yakuda simuuona.

Nthanda: Ndiyesa wa ulusiwo ndi parachuti imodzi. Kawayako kakhale konenepa bwanji, a Chiwombankhanga? Miyendoyo ndi yowonda kwambiri.

Chiwombankhanga: Theka la milimita likwana. Boolani ndi dzanja, osati ndi makina, pulasitiki imasungunuka. Ndipo muikenso pa chala mukamaliza, muone ngati CG ikadali pamene inali.